Udokotala wa okalamba ukufuna eni ake

Nkhani ya lero ndailunjika kwa achinyamata amene akuphunzira udokotala, unamwino ndi ntchito zina zachipatala, ndiponso kwa ana a sukulu za sekondale amene mtima wawo uli komweko. Koma inu makolo musasunthe, chifukwa thupi limene tikambe pano ndi lanu lomwe, ngati si lero ndiye mawa.

Tiyambire ku Chongoni, m'boma la Dedza. Munthu akamachokera ku Lilongwe pa msewu wa M1, akangodutsa pa Linthipe, amayamba kuona mapiri a miyala ndi nkhalango. M'mapanga a m'mapiri amenewo muli zithunzi zojambulidwa pa miyala, pa malo okwana 127, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika Chongoni m'gulu la malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Zithunzi zofiira adajambula ndi Akafula, alenje amene adakhala m'mapirimo kalekale. Zoyera ndi za Achewa, ndipo zambiri zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana komanso Gule Wamkulu. Akatswiri ofukula zakale adafikako, J. Desmond Clark adakumba pa phanga la Mwana wa Chentcherere mu 1972. Koma wofukula amatulutsa mapale, mikanda ndi mafupa. Dothi silimuuza chifukwa chimene chithunzi chakutichakuti adachijambulira. Ofufuza a pambuyo pake, monga Leslie Zubieta, adachita kukhala pansi ndi amayi achikulire odziwa mwambo n'kumafunsa. Ndiye kuti mbali ina ya chuma chimenechi ili pa mwala, mbali ina ili m'mitu ya anamkungwi ndi akuluakulu a kudambwe. Mwalawo uli ndi lamulo louteteza ndiponso anthu ouyang'anira. Nanga agogo amene akusunga tanthauzo lake akadwala, ndani adaphunzira kuwasamala?

Taganizirani moyo wa munthu wa zaka 75 kumapiri kumeneko. Chisanu cha ku Dedza m'miyezi ya Juni ndi Julaye sichifuna kuchita kufotokoza. Agogo amagona pafupi ndi moto, m'nyumba yodzaza utsi, ndipo chifuwa sichiwathera. Ena amapsa mapazi osamva kanthu, poti matenda a shuga adapha kale mitsempha ya kumapaziko. Munda wa kachewere uli pamtsetse, njira ya kumjigo ndi yamiyala, mawondo agwidwa nyamakazi, maso achita ng'ala. Akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ulendo wa kuchipatala cha boma ku Dedza kapena ku Nkhoma ndi wa pa kabaza, ndipo amene adakwezapo wodwala wamkulu pa njinga yamoto akudziwa chimene ndikunena. Ana awo ali ku Lilongwe, ena ku Joni, ena adatsogola nthawi ya mliri wa Edzi n'kuwasiyira adzukulu.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo m'boma la Dedza lokha oposa 830,000. Mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 5 ndi a zaka 60 kapena kuposerapo. Wina anganene kuti ndi ochepa. Koma tawerengerani bwino: ndi anthu pafupifupi 900,000, kuposa onse okhala m'Dedza. Ndiponso akuchulukirachulukira. Cha m'ma 2000, mwana wobadwa m'Malawi ankayembekezeka kukhala zaka zosafika 50, pomwe lero zapitirira 60. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere mu 2004, ndipo amene adayamba kumwa ali ndi zaka 40 lero adapitirira 60, akumwabe, koma tsopano awonjezera kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Tidalimbana kuti anthu asamafe ali achinyamata, ndipo zidatheka. Anthu aja afika ku ukalamba, n'kutipeza tisanakonzeke.

Pachipatala cha boma chilichonse mupeza wodi ya ana, wodi ya amayi oyembekezera, ndi tsiku la sikelo. Zimenezi n'zoyenera, sindikutsutsa. Koma wokalamba amagona m'wodi ya abambo kapena ya amayi, moyandikana ndi mnyamata wa zaka 20, ndipo kawirikawiri amathandizidwa ngati kuti matupi awiriwo ndi amodzi. Si amodzi ayi. Impso za munthu wamkulu zimafooka, motero mankhwala amachedwa kutuluka m'thupi, ndipo mlingo umene umachiza mnyamata ukhoza kuvulaza agogo. Chibayo chikhoza kuwagwira popanda kutentha thupi; mungoona asiya kudya, akugonagona. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi akachuluka, munthu amachita chizungulire podzuka, n'kugwa. Brufen ndi indocid zimene anthu amagula pagolosale chifukwa cha mawondo zimaboola m'mimba ndi kuwononga impso zomwe zija. Tsegulani kabuku ka kuchipatala ka agogo ambiri, mupeza mitundumitundu ya mankhwala yolembedwa ndi anthu osiyanasiyana, aliyense adaona nthenda yake, palibe adaona munthu yense. Ndipo wokalamba akangogona pabedi masiku angapo osadzutsidwa, miyendo imatha mphamvu, zilonda zimayamba pamsana, moti amene adalowa m'chipatala akuyenda yekha amatuluka atanyamulidwa, ngakhale nthenda imene adabwerera yachizidwa.

Kudziwa zonsezi ndi kuchitapo kanthu ndiwo udokotala wa okalamba, umene m'makoleji amautcha geriatrics. Akatswiri ake ndi osowa kwambiri kuno kwathu ndiponso m'maiko ambiri a mu Africa.

Ngakhale kumene udokotala umenewu udakhazikika, sudayambe ndi nyumba zokongola. Mu 1935, dokotala wina wamkazi ku London, Marjory Warren, adapatsidwa odwala oposa 700 amene ankangogona m'nyumba ya anthu osauka pafupi ndi chipatala cha West Middlesex. Aliyense ankati ndi okalamba basi, palibe chochita. Mayiyu adayamba kuwayeza mmodzimmodzi. Adapeza kuti ambiri ali ndi matenda ochizika amene palibe adawafufuzapo. Adawadzutsa, n'kuwaphunzitsanso kuyenda, ndipo ambiri adabwerera kwawo. Mu 1947 iye ndi anzake ochepa adayambitsa bungwe limene lero ndi British Geriatrics Society. Chimene chimandikhudza pa mbiri imeneyi n'chakuti zida zake zazikulu zidali maso, manja ndi kuleza mtima, zimene wophunzira wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe ali nazo kale.

Pali chifukwa china, cholemera kuposa zonse ndanenazi, chimene Malawi akufunira anthu odziwa matenda a okalamba. Munthu wamkulu akadwala malungo, chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo, mutu ukhoza kusokonezeka m'maola ochepa. Amalankhula zosamveka, amaona anthu amene palibe, usiku amadzuka n'kutuluka. Pali ndiponso nthenda ina ya muubongo yoyenda pang'onopang'ono, imene imachititsa munthu kuiwala mayina a ana ake, njira ya kwawo, ngakhale kuvala. Ndiye m'mamawa anthu apeza agogo ali pakhomo la eni, opanda chovala, sakutha kunena kumene achokera. Mudzi umati chiyani? Umati mfiti yagwa. Akawafunsa mowopseza, agogo aja, poti mutu suli bwino, amavomera chilichonse. Kusokonezeka kwadzidzidzi kuja kumatha nthenda yoyambitsa ikachizidwa. Kuiwala kwa pang'onopang'ono kulibe mankhwala ochiziratu, koma banja likauzidwa kuti ndi matenda, limasamala munthu wawo m'malo momuopa.

Tisaiwale zimene zidachitika ku Neno mu Januwale 2016, pamene anthu okalamba anayi adaphedwa powaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana wina. Anthu amenewo adafera ukalamba wawo, chifukwa m'midzi yambiri imvi zokha zimakwanira kuti munthu alozedwe chala. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma masiku ano moto ukuyatsidwa m'dambo momwemo. Apolisi ndi makhoti ali ndi mbali yawo. Komabe pali mawu amene wapolisi sanganene, amene dokotala kapena namwino yekha ndiye anganene pamaso pa mfumu ndi mudzi wonse: awa akudwala, nthenda yake ndi iyi, ndipo ikhoza kugwira aliyense wa ife.

N'chifukwa chake bungwe loyamba limene ndikufuna wophunzira alidziwe si la madokotala ayi. Ndi MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za anthu okalamba m'Malawi, umene umagwira ntchito limodzi ndi HelpAge International. Dziko lino lidakhala ndi ndondomeko ya boma yokhudza okalamba mu 2016, ndipo mu 2024 aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza lamulo lowateteza, MANEPO italimenyera kwa zaka zambiri. Lamulo lilipo tsopano. Koma omenyera ufulu amafuna umboni wachipatala kuti mawu awo alemere, ndipo wachipatala amafuna anthu odziwa midzi kuti afike kumene agogo ali. Wophunzira amene angadzipereke kumeneko nthawi ya tchuthi adzaphunzira zimene m'kalasi mulibe.

Tsopano za sukulu. Madokotala athu amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, imene idabadwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine, yomwe idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndi Kamuzu College of Nursing. Mnyamata kapena mtsikana wokonda okalamba asadikire kuti tsiku lina adzaona chitseko cholembedwa dzina la ntchitoyi. Njira zilipo kale, zingofunika kuzizindikira.

Imene ndikuiona yoyenera kwambiri dera ngati Chongoni ndi udokotala wa banja, family medicine. Maphunziro ake aukatswiri adayamba mu 2015, ndipo sachitikira m'zipatala zazikulu za m'tauni zokha. Amachitikira pa chipatala cha boma ku Mangochi ndiponso pa chipatala cha mishoni ku Nkhoma, kufupi ndi malire a Dedza. Dokotala wa banja amaphunzitsidwa kuona munthu yense, ndi banja lake, ndi mudzi wake, kwa zaka zambiri, osati nthenda imodzi pa tsiku limodzi. Amenewo ndiye maso amene wokalamba amafuna. Ku Nkhoma komweko kuli chipatala cha maso chodziwika pa ntchito yochotsa ng'ala. Wophunzira apite akaone tsiku lomasula mabandeji, pamene agogo amene akhala zaka akutsogoleredwa ndi mdzukulu aonanso njira. Opaleshoni yake ndi yaifupi, koma imabwezera munthu kumunda, n'kubwezeranso mdzukulu uja kusukulu.

Njira ina ndi ya ukatswiri wa matenda a m'thupi a akuluakulu, internal medicine, umene munthu angauphunzire ku yunivesite yomweyi kapena kudzera ku East, Central and Southern Africa College of Physicians, koleji ya madokotala a m'chigawo chino imene Malawi ndi membala wake, ndipo imaphunzitsira m'zipatala za m'maiko momwemo. Atamaliza pamenepo, ku South Africa kuli maphunziro apadera a udokotala wa okalamba, ndipo mayeso ake amayendetsa ndi Colleges of Medicine of South Africa. Komweko kuli bungwe la South African Geriatrics Society, ndipo pa yunivesite ya Cape Town pali Albertina and Walter Sisulu Institute of Ageing in Africa, yofufuza za ukalamba pakati pa anthu a mu Africa. Ku Nigeria, chipatala cha University College Hospital ku Ibadan chidatsegula nyumba yapadera yothandizira okalamba mu 2012. Ulendo umenewu ndi wautali, zaka zambiri pamwamba pa digiri yoyamba. Koma dziko lino likufuna ngakhale ochepa okha amene angauyende, kuti adzaphunzitse ena ndi kulemba malangizo oti zipatala zonse zizitsatira.

Ndisalankhule ngati kuti dokotala yekha ndiye wofunika. Agogo a ku Chongoni akapita pachipatala chaching'ono, amene amawaona ndi clinical officer, medical assistant kapena namwino, ndipo amene amafika pakhomo pawo ndi mlangizi wa zaumoyo. Ambiri mwa amenewa amachokera ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a mishoni. Palinso ophunzira za mankhwala, amene angayang'ane kabuku kaja n'kunena kuti awa ndi awa asamwedwe pamodzi. Palinso a physiotherapy, amene amadzutsa munthu wogwidwa sitiroko. Amene ali ku Blantyre akaone ntchito ya pa Kachere Rehabilitation Centre. Udokotala wa okalamba ndi ntchito ya gulu, ndipo aliyense mwa awa angausankhe kukhala mbali imene adzadziwike nayo.

Khomo lina lotseguka kale ndi la chisamaliro cha odwala matenda osachizika. Palliative Care Association of Malawi, imene ambiri amaidziwa kuti PACAM, yakhala ikuphunzitsa ogwira ntchito zachipatala kuchepetsa ululu ndi kuyenda limodzi ndi mabanja. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali kiliniki ya Tiyanjane, ndipo ku Salima kuli Ndi Moyo, imene adayambitsa namwino wachimalawi Lucy Finch. Kumeneko munthu amaphunzira kupereka morphine wakumwa mosaopa, kuuza banja zoona popanda kuliswa mtima, ndi kufunsa wodwala mwini chimene akufuna. Ndichenjeze chimodzi chokha. Tisasokoneze ukalamba ndi kudikira imfa. Agogo ambiri amene mudzawaone safuna kuperekezedwa. Akufuna magalasi, ndodo yabwino, mano oti atafunire chimanga, ndi mankhwala olondola kuti abwerere kudimba.

Ku Neno komwe kuja kudachokeranso chitsanzo chabwino. Bungwe la Partners In Health, limene kuno limatchedwa Abwenzi Pa Za Umoyo, pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, adaphatikiza makiliniki a matenda okhalitsa, kuti munthu wa HIV, shuga ndi kuthamanga kwa magazi asamayende maulendo atatu pa masiku atatu, koma athandizidwe pa ulendo umodzi. Kwa wachinyamata zimenezi zimangopulumutsa nthawi. Kwa agogo a mawondo otupa, ndiye kusiyana kwa kumwa mankhwala ndi kuwasiya.

Ndifike pa kafukufuku, pamene ndikuona mwayi waukulu kuposa pena paliponse. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene boma limachita pakapita zaka zingapo, Malawi Demographic and Health Survey, amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49 ndi abambo a zaka 15 mpaka 54. Kafukufuku wa matenda osapatsirana wa 2009 adapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa n'komwe, koma adalekezera pa zaka 64. Ndiye kuti amene ali ndi matenda ambiri ndi amenenso sitiwawerenga, ndipo chosawerengedwa sichilowa mu bajeti. Alipo amene adayamba kutseka mpata umenewu. Kafukufuku wa Malawi Longitudinal Study of Families and Health wakhala akutsatira mabanja ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998, ndipo mu 2012 adayamba kuyang'ana mwapadera anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo: mphamvu za manja awo, kukumbukira kwawo, nkhawa zawo. Bungwe la MEIRU likufufuza matenda okhalitsa ku Karonga ndi ku Lilongwe. Ofufuza otere amafuna achinyamata odziwa chinenero ndiponso zachipatala.

Wophunzira udokotala amayenera kuchita kafukufuku wake asanamalize sukulu. Bwanji osasankha okalamba? Ndi angati mwa ogonekedwa m'wodi amene mutu wawo wasokonezeka koma palibe walemba m'faelo? Ndi angati adagwapo chaka chino m'midzi ya kumapiri? Kafukufuku wotere akavomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku, akhoza kukambidwa pa msonkhano wa pachaka wa ofufuza pa yunivesite, n'kusindikizidwa mu Malawi Medical Journal. Palinso ntchito ya chinenero. Mafunso ambiri oyezera kukumbukira adapangidwira anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga wotchi. Mukawafunsa agogo amene sadapite kusukulu, adzalephera ngakhale mutu wawo uli bwinobwino. Ku Tanzania, m'boma la Hai, ofufuza adapanga mafunso a IDEA oyenera anthu akumudzi. Ntchito yoika zida zotere m'Chichewa chomveka, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, n'kuziyesa ngati zikugwira, ndi yoyenera mwana wakuno, amene akudziwa kuti agogo amawerenga nthawi ndi dzuwa ndi nyengo ya kumunda.

Nanga mabungwe a kunja? American Geriatrics Society idayamba mu 1942, Gerontological Society of America mu 1945, ndipo International Association of Gerontology and Geriatrics, imene ili ndi nthambi ya Africa, mu 1950. Ku America kuli ndondomeko yotchedwa MSTAR imene imapatsa ophunzira udokotala a kumeneko ndalama kuti achite kafukufuku wa ukalamba pa tchuthi. Imeneyo ndi ya ophunzira a kumeneko, koma maganizo ake ndi oti titengere: mbewu imadzalidwa munthu akadali pasukulu, asanasankhe ukatswiri. Chimene wophunzira wakuno angapindule nacho lero ku mabungwe amenewa ndi malangizo ndi maphunziro amene amaika pa intaneti, komanso misonkhano imene munthu angatumizeko zotsatira za kafukufuku wake. Powerenga, mukumbukire kuti zambiri zidalembedwera maiko okhala ndi penshoni ndi nyumba zosungira okalamba. Kuno wosamala ndi mwana wamkazi, mpongozi kapena mdzukulu wa Sitandade 6, ndipo malangizo amene saganizira gadiyani ameneyu sagwira ntchito.

Pafupi nanu pali mabungwe a ophunzira anzanu. International Federation of Medical Students' Associations ndiponso Federation of African Medical Students' Associations amalumikiza ophunzira udokotala a maiko osiyanasiyana. Pa koleji iliyonse pali bungwe la ophunzira. M'kati mwake anthu asanu okha akhoza kuyambitsa kagulu koona za okalamba, n'kupempha mphunzitsi mmodzi kuti awatsogolere. Mukadzamaliza, Society of Medical Doctors ndi malo oti nkhaniyi mukailowetse pa misonkhano, ndipo Medical Council of Malawi, imene imafuna kuti wachipatala aliyense azipitiriza kuphunzira, ndi yoyenera kuipempha kuti maphunziro a okalamba azipezeka pakati pa maphunziro opitirizawo.

Kagulu koteroko kangachite chiyani ku Chongoni? Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lidatulutsa njira yoyezera okalamba yotchedwa ICOPE, ndipo gawo lake loyamba silifuna makina. Mumawauza agogo mawu atatu kuti adzawakumbukire pakapita kanthawi. Mumawapempha kuti adzuke pampando kasanu osagwira, muone ngati atha m'masekondi 14. Mumafunsa ngati aonda ndi makilogalamu atatu m'miyezi itatu yapitayi, ndiponso ngati chilakolako cha chakudya chatha. Mumayesa maso, mumanong'ona kumbuyo kwawo kuti muone ngati akumva, mumafunsa ngati mtima wakhala wolemera masabata apitawa. Zonsezi zimatheka pansi pa mtengo, pa tchalitchi, pa mzikiti kapena pabwalo la mfumu. Koma musapite musanagwirizane ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Dedza ndi mafumu, ndiponso musanadziwe kumene mudzatumize amene mwawapeza ndi vuto. Kuuza munthu kuti magazi anu akuthamanga n'kukwera minibasi kubwerera ku koleji, osamuuza kokatenga mankhwala, n'kumusiyira mantha chabe.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuganiza. Ntchito imeneyi ilibe ndalama ngati ya opaleshoni, ilibe ulemerero, ndipo okalamba ambiri sangalipire kuchipatala cholipira. N'zoona, ndipo sindinyoza mwana amene akuganizira makolo amene adagulitsa mbuzi kuti iye aphunzire. Komabe mipata ya maphunziro ilipo. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kukachita maphunziro apamwamba kunja. Palinso Commonwealth Scholarships. Global Brain Health Institute, ya ku San Francisco ndi Dublin, imatenga anthu a maiko osiyanasiyana ofuna kugwira ntchito pa matenda a ubongo ndi kuiwala. Wopempha thandizo amene wasankha gawo losowa anthu, ali ndi kafukufuku wake m'manja, amaoneka msanga pakati pa anzake. Chimene chimandiwawa n'chakuti alipo kale Amalawi odziwa ntchito yachipatala amene akusamala okalamba ku Britain, ndipo amaigwira bwino. Luso tili nalo. Boma ndi eni zipatala za mishoni apange maudindo ndi malipiro oti luso limeneli likhale ndi pobwerera.

Pali chinthu chimodzi chimene mwana wa kuno amapita nacho ku koleji ali nacho kale, koma ambiri amachitaya akavala chovala choyera. Kwathu munthu sulankhula ndi wamkulu utaima iye ali pansi. Sufunsa matenda usanapereke moni. Koma m'wodi mudzaona wachipatala akulankhula ndi gadiyani yekha, agogo ali pomwepo, ngati kuti kusamva bwino ndiye kupanda nzeru. Khalani pansi, muwayang'ane kumaso, mulankhule pang'onopang'ono, muwafunse mwini wake: agogo, chikukuvutani kwambiri n'chiyani? Yankho likhoza kukhala losiyana ndi zimene zalembedwa m'faelo. Mwina ndi mkodzo umene sakutha kuugwira, umene wawaletsa kupita kutchalitchi ndi kumaliro, ndipo sangaunene pamaso pa mkamwini. Muwapatse mpata woti aunene. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu kwa anthu a nkhawa pa mabenchi a pa zipatala, ntchito yotchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku adaonetsa kuti ikuthandizadi. Anamkungwi athu akhala akulangiza anthu kuyambira kale. Wachipatala wanzeru angawatenge kukhala anzake pa ntchito yophunzitsa mudzi za matenda a kuiwala.

Kwa inu akuluakulu a makoleji ndi mabungwe a zachipatala, pempho langa ndi laling'ono. Bungwe la United Nations lidapatula zaka za 2021 mpaka 2030 kuti zikhale zolimbikitsa ukalamba wathanzi, ndipo zambiri mwa zakazo zapita kale. Ikani masabata ochepa a matenda a okalamba m'maphunziro a wophunzira aliyense, ndipo funso lake lizibwera pa mayeso, poti wophunzira amawerenga chimene chimafunsidwa. Patulani mphotho, ngakhale yochepa, ya kafukufuku wa ophunzira pa nkhaniyi. Tsiku la 15 Juni ndi lokumbutsa za nkhanza zochitira okalamba, ndipo la 1 Okotobala ndi la anthu okalamba padziko lonse. Pa masiku amenewo atumizeni ophunzira anu kumidzi ndi makina oyezera magazi, mogwirizana ndi zipatala za m'deralo, m'malo mongowaitanira kukamvera zolankhula.